Phewa la nkhumba lomwe limapsa ine ndili ku ntchito

Pulled pork ndinayamba kuidya pa kaphwando ka kuntchito kuno ku Manchester. Mayi ena amene timasamalira nawo okalamba, kwawo ndi ku North Carolina m'dziko la America, anabwera ndi mbale ya nyama ya nkhumba yoyoyoka ngati ulusi. Nditalawa ndinawafunsa kuti, "Kodi mayi, nyama imeneyi mwaitani kuti ifewe chonchi?" Anandiuza kuti kwawo amaiwamba pa utsi wa nkhuni tsiku lathunthu, koma iwo anangoiika mu slow cooker madzulo n'kukagona. Nkhuli inandigwira kuyambira tsiku limenelo, ndipo sabata yotsatira ndinakagula mphika wanga wa malita 6.

Kwa amene simunauonepo, slow cooker ndi mphika wadothi wokhala m'chitsulo chamagetsi, umatentha pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Amene anaupanga koyamba, Irving Naxon, anaupangira zophikira nyemba, ndipo dzina lotchuka la Crock-Pot linabwera mu 1971. Nditamva zimenezo ndinaumvetsa msanga, chifukwa ndi nzeru yomwe ija ya mphika wa nyemba umene amayi ankausiya pa chikuni chimodzi n'kupita kumunda.

Nkhani yonse yagona pa nyama imene mwasankha. Ine ndimagula phewa, lolemera pafupifupi makilogalamu 2. Anthu a ku America mbali yapamwamba ya phewalo amaitcha Boston butt, koma kubutchala za kuno mukangoti pork shoulder akumvani. Phewa ndi nyama yogwira ntchito, ili ndi mafuta m'katimo komanso minyewa yoyera yambiri, n'chifukwa chake ndi yotsika mtengo ndiponso yolimba mukaiphika mwachangu. Minyewa imeneyi, imene amati collagen, ikakhala pa moto wochepa kwa nthawi yaitali imasungunuka n'kusanduka msuzi wonanda ngati uja wa mang'ina. Ndi umene umachititsa kuti nyama ikhale yonyowa ngakhale yapsa kwambiri. Nyama yakumsana yopanda mafuta ija musaiyese, imatuluka youma ngati thabwa.

Kuno phewa amaligulitsa lili ndi chikopa, atalimanga ndi chingwe. Ndimadula chingwecho, n'kusenda chikopa ndi mpeni wakuthwa, koma ndimasiya mafuta ochepa pamwamba, okhuthala ngati theka la chala. Kenako ndimasakaniza m'kambale masupuni aakulu awiri a paprika wofukizidwa ndi utsi, awiri a shuga wabulauni, imodzi ya mchere, ndi supuni yaing'ono imodziimodzi ya tsabola wakuda, adyo waufa ndi cumin. Paprika wautsiyo ndi amene amabweretsa kafungo ka nkhuni komwe mphika wamagetsi sungapereke. Ndimapaka ndi manja paliponse, mpaka m'mikwingwirima momwe munali fupa, ndikuvundikira n'kuika mufiriji usiku wonse.

M'mawa cha m'ma 5:30, ndisanavale yunifolomu, ndimaduladula anyezi awiri n'kuyala pansi pa mphika. Nyama ija imakhala pamwamba pa anyeziwo, mbali yamafuta itayang'ana kumwamba. M'mbali ndimathira theka la kapu ya viniga wa maapozi, mamililita 120 basi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ulendo woyamba. Dzanja langa linazolowera kuphika nyama ngati kwathu, ndiye nditaona kaviniga kochepako pansi pa chinyama chonsecho mtima unakana. Ndinatenga ketulo n'kuthira madzi mpaka nyama inamira. Pobwera madzulo ndinapeza mphika wadzaza msuzi wotuwa mpaka m'khosi, zokometsera zonse zitasukuluka, nyama ikungomveka madzimadzi. Ndinali ndisanadziwe kuti mu slow cooker nthunzi sithawa. Imagunda chivundikiro n'kudontheranso momwemo, pomwe nyama ndi anyezi nazonso zikutulutsa madzi awo. Theka la kapu lija pofika madzulo limakhala litachuluka mpaka kufika pakati pa nyama.

Ndimatcha mphikawo pa LOW, kutanthauza moto wochepa, n'kunyamuka. Pamafunika maola 8 mpaka 10. Pa HIGH, moto wokwererapo, imapsa m'maola 5 kapena 6, koma ine ndimaona kuti yapa LOW imafewa bwino koposa. Popeza shifiti yanga ndi ya maola 12, ndinasankha mphika woti nthawi ikakwana umatsika wokha n'kumangosunga chakudya chili chotentha. Nyama yochokera mufiriza ikadali youma gwa ndi ayisi musaiike mumphikamu, chifukwa imachedwa kutentha ndipo tizilombo timapeza mpata woswana. Iyambe yasungunukira mufiriji. Ndipo ngati muli pakhomo tsiku limenelo, chonde musamavundukule. Fungo likayamba kudzaza m'nyumba cha m'ma 11 dzanja limayabwa, koma kuvundukula kamodzi kokha kumataya kutentha koti kubwerere pakadutsa mphindi ngati 20. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikafika madzulo, fungo limandichingamira pa masitepe. Ndimabaya foloko pakatikati pa nyama n'kupotoza. Ikazungulira mosavuta, nyama n'kumasukana yokha, ndiye kuti yatheka. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, m'kati muzifika madigiri 90 mpaka 95 a Celsius. Nkhumba imakhala itapsa kale isanafike pamenepo, koma minyewa ija imakhala isanasungunuke. Choncho foloko ikakana, musaganize kuti mwaipsereza. Vundikirani muipatse ola lina.

Ndimaitulutsa ndi zipande ziwiri chifukwa imagawanika m'manja, ndikuiika m'thireyi n'kuisiya ipume mphindi 20. Kenako mafoloko awiri, wina kukokera uku wina uko. Simulimbana nayo ayi, imangoyoyoka, utsi uli tolotolo. Zibuma za mafuta ndimachotsa, ndipo sindiinyenya kwambiri, ndimakonda kuti tizidutswa tina titsale tonenepa ngati chala.

Msuzi wotsala mumphika ndiye chuma. Ndimausefera m'poto, n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba ndi supuni, ndikuuwiritsa pa moto waukulu mpaka utatsala theka. Za sosi, anthu a ku America komweko sagwirizana. Kum'mawa kwa North Carolina amathira viniga ndi tsabola basi, ku South Carolina ena amakonda ya mustard, pomwe ya ku Kansas City ndi yokhuthala, ya tomato, yotsekemera. Ine ndinatsata mayi aja koma ndinakhotetsa pang'ono. Mumsuzi muja ndimaonjezera masupuni atatu a viniga, anayi a tomato sosi, ndi kambuzi mmodzi wosinja. Ndimathira pa nyama pang'onopang'ono ndikulawa, kuti inyowe koma isasambire.

Ndikakhala ndi mphamvu, ndimayala theka la nyamayo pa thireyi n'kuilowetsa pansi pa grill, moto wam'mwamba wa mu uvuni, kwa mphindi 5. Timapeto timapserera n'kumakhukhuluka ngati kanyenya wa pa chiwaya, ndipo mukasakaniza ndi yofewa ija m'kamwa mumakoma kawiri.

Eni ake amaidya m'kati mwa mabanzi, pamwamba ataika kabichi wosaphika wothira mayonezi. Ana anga amaikonda chomwecho. Yotsala ndimaiika mufiriji maola awiri asanathe, pamodzi ndi kamsuzi kuti isaume, ndipo timaidya pasanathe masiku atatu, ina ndimaiumitsa mufiriza m'timapaketi. Koma mbale yanga ya tsiku loyamba imakhala ya nsima. Nyama ikupuma paja ine madzi a phala amakhala ali kale pamoto, lepu ndadula, tomato mmodzi ali pambali.