Usiku wa Maola 16 Pakati pa Johannesburg ndi Atlanta

Lachiwiri madzulo. Ndikulemba izi ndili ku Atlanta, mapazi adakali otupa, ndipo tulo sitikubwera ngakhale thupi lalema. Tinanyamuka dzulo pabwalo la ndege la O. R. Tambo ku Johannesburg cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo tatera pabwalo la Hartsfield-Jackson cha m'ma 6:30 m'mawa. Wongoyang'ana pa tikiti angayese ulendowu ndi wa maola 9 ndi theka, koma tikiti imalemba nthawi ya mzinda uliwonse payokha, ndipo mu Januwale muno Atlanta ili m'mbuyo ndi maola 7. Kunena zoona, takhala m'mwamba maola 16 ndi theka osatera paliponse.

Mtunda wa pakati pa mabwalo awiriwa ndi makilomita pafupifupi 13,600. Ndege ya mtundu wa Airbus A350 imene tinakwera imathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola, choncho ndisananyamuke ndinawerengetsera maola 15. Ola ndi theka lowonjezeralo ndi limene ndakhala ndikulilingalira tsiku lonse. Mbali ina limathera pokwera ndi potsika, pamene ndege siili pa liwiro lake lonse, koma gawo lalikulu imadya ndi mphepo. Kumtunda kumene ndege zimadutsa, makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi, kuli mphepo zamphamvu zowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo kumpoto kwa dziko lapansi zimakula mphamvu m'nyengo yozizira ngati ino. Ife opita kumadzulo tinkalimbana nazo, ndipo pakanema wa kumpando ndinaona liwiro lathu likutsika pamene tinkayandikira America. Pobwerera mphepo yomweyo idzatikankha kumbuyo, n'chifukwa chake tikiti yanga yobwerera ikuonetsa maola pafupifupi 15, chonsecho mtunda ndi womwewo. Ine ndikuona kuti aliyense wokonzekera ulendo wotere ayenera kufunsa nthawi ya mbali iliyonse payokha, makamaka ngati akukakwera ndege ina akatera.

Ponyamuka ndege inathamanga pansi nthawi yaitali isanadzuke, mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anagwira mpando mwamphamvu. Bwalo la O. R. Tambo lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka, ndiye ndege yodzaza mafuta a ulendo wautali chonchi imafuna msewu wautali kuti mapiko aigwire.

Titadutsa Botswana ndi Namibia, mapu anangosanduka nyanja ya Atlantic kwa maola ochuluka. Chimene chandikhudza mtima kwambiri n'chakuti dzuwa sitinalione ulendo wonse. Popeza tinkalowera kumadzulo, mdima unkayenda nafe, ndipo nthawi iliyonse ndikatsegula zenera kunja kunali bii. Kunayamba kucha ndili kale pamzere wodinditsa pasipoti, wotchi yanga ya pamkono ikunena kuti ndi 2 koloko masana.