Mbiri ya shopu yathu yokonza makamera a filimu ku Limbe

Mwezi uno tatsegula shopu yathuyathu ku Limbe, patatha zaka zingapo tikugwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ndipo taona kuti ndi bwino tifotokozere makasitomala athu komwe tachokera. Ntchito yathu ndi yokonza makamera akale ojambulira pa filimu, komanso kugula omwe anawonongeka n'kuwakonza kuti agulitsidwe ali moyo. Anthu ambiri akamva zimenezi amatifunsa ngati kugula kamera yakufa pofuna kuikonza kuli kwanzeru kapena ndi kutaya ndalama chabe. Funso limeneli ndi lomwe linabala bizinesi ino, ndipo mpaka lero ndi lomwe timadyerapo, chifukwa phindu lathu lonse lagona pa kudziwa kamera yoyenera kugula ndi yoyenera kuisiya pomwepo.

Ine mwini shopu ino, ntchito yomwe ndinaphunzira ndili mnyamata ndi yokonza mawotchi. M'chaka cha 2019 ndinapeza kamera ya Pentax K1000 pa mulu wa katundu wa kaunjika, itasakanikirana ndi mawailesi ndi zingwe za magetsi, ndipo chokokera filimu chake chinali chitalimba osasuntha. Wogulitsa ananena mosabisa kuti ndi yakufa. Ndalama yomwe ankafuna inali mbali yaikulu ya mpamba wanga wa mwezi umenewo, choncho ndinatenga nthawi ndikuiyang'ana. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyang'anitsa padzuwa nsalu ya shutter, yomwe imatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kufike pa filimu, ndipo sindinaone kabowo ngakhale kamodzi. Ndinawalitsa tochi mkati mwa lenzi ndipo galasi linali loyera, komanso pokhala batire panalibe dzimbiri. Ndinkadziwa kuti K1000, yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, imayendera masipulingi ndi magiya, ndipo batire yake imangothandiza kachipangizo koyezera kuwala basi. Kwa munthu wozolowera mkati mwa wotchi, zimenezi zinali zokwanira. Nditafika kunyumba n'kumasula chitsulo chapansi, ndinapeza kuti girisi wakale anali atauma n'kugwira magiya, ndipo nditatsuka n'kuthira mafuta oyenera, kamerayo inalira bwinobwino pa liwiro lililonse la shutter. Inagulidwa ndi mtsikana wina wophunzira zojambula, yemwe anabweretsa anzake, ndipo mawotchi anayamba kuchepa patebulo langa pamene makamera ankachuluka.

Chomwe taphunzira pa zaka zimenezi n'chakuti mawu akuti "yowonongeka" sanena kanthu pokhapokha mutadziwa chomwe chawonongekacho. Pafupifupi kamera iliyonse ya zaka za m'ma 1970 ndi 1980 imabwera ndi siponji ya m'mphepete mwa chitseko itasungunuka n'kusanduka zinthu zakuda zomata, ndipo kuwala kumalowera pamenepo n'kuwononga zithunzi. Limeneli ndi vuto laling'ono, moti kamera yotere ikakhala yotsika mtengo timaigula mosazengereza. Canon AE-1, yomwe inatuluka mu 1976, imakonda kulira ngati ikutsokomola mukadina batani, ndipo ogula ambiri amaithawa, koma chimenecho ndi kuuma kwa mafuta pa magiya okweza kalilole wa mkati mwa kamera ndipo chimakonzeka. Chomwe timaopa pa AE-1 ndi mbali yake ya magetsi, chifukwa popanda batire shutter yake siitseguka n'komwe, ndipo mbaliyo ikafa palibe kampani yomwe ikupanganso ina, koma kudikira kamera inzake yakufa yoti muphwasule. Minolta X-700 ya mu 1981 nayonso imadalira magetsi, koma nthawi zambiri chomwe chimafa ndi capacitor, kachipangizo kakang'ono kotsika mtengo komwe timasintha ndi manja. Olympus OM-1 ya mu 1972 ili ndi nthenda yakeyake, pakuti siponji yomwe anaiika pamwamba pa galasi losunzumirapo imawola n'kudya siliva wa galasilo, ndipo mumaona madontho akuda m'munsi mukasunzumira. Madonthowo salowa m'chithunzi, koma amatsitsa mtengo wa kamera, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezo asanapereke ndalama.

Mdani wamkulu wa makamera kuno kwathu ndi chinyezi. Kamera yomwe yagona m'sutikesi pansi pa bedi kwa zaka makumi atatu, ikudutsa m'nyengo za dzinja limodzi ndi mabulangete, kawirikawiri imamera chuku mkati mwa lenzi. Mukawalitsa tochi kuchokera kumbuyo mumaona timizere toyera totambalala ngati ukonde wa kangaude, toyambira m'mphepete kupita pakati. Chuku chikakhala chongoyamba timamasula lenzi n'kutsuka galasi lililonse palokha, koma chikakhalitsa chimadya khungu lopyapyala lomwe amapaka pagalasi, ndipo chilondacho sichichoka ngakhale mutsuke motani. Lenzi yotero sitigula, ngakhale mwini wake atsitse mtengo bwanji, ndipo kasitomala akatibweretsera yake timamuuza zoona tisanalandire khobidi lililonse.

Makamera ambiri omwe amafika patebulo lathu ndi a m'mabanja. Ena anabwera ndi agogo omwe ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ena anali a ojambula aja omwe ankayenda wapansi kapena panjinga m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'maukwati, kamera ili m'khosi, n'kubweranso patapita masiku ndi zithunzi zotsukidwa mu envelopu. Kampani ya Kodak itapempha chitetezo cha khoti mu 2012 chifukwa cha ngongole, ambiri ankati filimu yatha. Koma filimu ikupangidwabe ndi Kodak yomweyo komanso Ilford ya ku England, ndipo mu 2024 Pentax inatulutsa kamera yatsopano ya filimu yotchedwa Pentax 17. Achinyamata a mumzinda muno akufuna kujambula ndi zipangizo zomwe makolo awo ankagwiritsa ntchito, ndipo ife timanyadira kuti makamera omwe akanatayidwa kudzala akujambulanso maukwati.

Chaka cha 2023 chinatsala pang'ono kutseketsa bizinesi ino. Mu Malichi, namondwe wa Freddy anawomba mzinda wa Blantyre ndi maboma ena a m'chigawo cha kumwera, ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno. Zomwe tinataya ife sizingafanane ndi za abale athu a ku Chilobwe omwe anakwiriridwa ndi matope ochokera m'phiri la Soche, ndipo timawakumbukira ndi chisoni. Mphepo inasasula mbali ya denga la kachipinda kathu, mvula inagwa masiku otsatizana, magetsi kunalibe, ndipo panalibe dzuwa loti tiumitsire kanthu. Makamera a makasitomala tinayamba kuwapulumutsa, tinawakulunga m'mapulasitiki n'kuwasunga kuchipinda chogona, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe inanyowa. Koma katundu wathu wogulitsa, yemwe munali mpamba wathu wonse, anamwa madzi, ndipo patapita milungu yochepa dzimbiri ndi chuku zinamaliza zomwe mvula inasiya.

Pofuna kuyambiranso tinaitanitsa makamera kwa wamalonda wina wakunja, yemwe anatilonjeza kuti onse anayesedwa ndipo ali ndi mavuto ang'onoang'ono okha. Bokosi litafika tinapeza kuti ambiri anali atatsegulidwapo kale ndi munthu wosadziwa ntchito, masikuluu atadyeka mitu, ena atachotsedwa ziwalo zamkati, ndipo titadandaula anasiya kuyankha mauthenga athu. Ngati akuwerenga nkhaniyi adziwe kuti ziwalo zomwe anasiyamo zakonza makamera a anthu ambiri, koma oda yathu sadzaionanso. Tinagogodanso pa makomo a obwereketsa ndalama, ndipo ena anatiuza pamaso kuti palibe Mmalawi amene angagule kamera ya filimu aliyense ali ndi foni m'thumba, pamene ena ankafuna chikole choposa mtengo wa bizinesi yonse. Ena mwa iwo akhala akutiimbira foni chitsegulireni shopu ino, ndipo tawayankha mwaulemu kuti tinathandizidwa kale kwina. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa filimu, mabatire ndi mankhwala otsukira zithunzi unakwera nthawi imodzi. Kuyambira pamenepo tinasankha kugula makamera akufa a m'dziko momwemuno, omwe tingawagwire m'manja ndi kuwayang'ana tisanalipire, ndipo njira imeneyi ndi yomwe yatiimika.

Tili ndi anthu ambiri oti tiwathokoze. Mayi akunyumba anavomera kuti ndalama zawo za ku banki mkhonde zilowe m'bizinesi pa nthawi yomwe panalibe wina wokhulupirira, ndipo amayi a gulu lawo anatidikira moleza mtima pamene tinkabweza pang'onopang'ono. Abambo achikulire omwe anandiphunzitsa kukonza mawotchi anandipatsa zida zawo zina atasiya ntchito, ndipo ndi zomwezo zomwe tikugwiritsa ntchito lero. Anansi athu anathandiza kukhomanso denga mvula isanaleke bwino. Ojambula akale a mumzinda muno, omwe ena maso anayamba kuwavuta, akhala akutipatsa malenzi, zikwama ndi nzeru zomwe sizipezeka pa intaneti. Tikuthokozanso makasitomala omwe anatisiyira makamera a makolo awo atamva kuti denga lathu linasasuka, komanso anyamata awiri omwe tikuwaphunzitsa ntchito, omwe amafika m'mamawa tsiku lililonse ngakhale malipiro awo akadali ochepa. Koposa zonse tikuthokoza Mulungu yemwe anatisunga ife ndi ana athu usiku wa namondwe uja.

Ngati mwaona kamera yakale pamsika kapena pa Facebook ndipo mukukayika, bwerani nayo kapena tipempheni tikaionere limodzi musanalipire, ndipo tidzakuuzani chomwe chawonongeka, mtengo woikonzera, komanso ngati ndi bwino kungoisiya. Kamera iliyonse yomwe timagulitsa imakhala itasinthidwa siponji, itatsukidwa mkati, ndiponso itayesedwa ndi filimu yeniyeni yomwe timatsuka tokha, moti mumaona zithunzi zake musanaitenge. Ikavuta m'miyezi itatu yoyamba timaikonza ulere. Tili ndi filimu ya 35mm yakuda ndi yoyera komanso ya mitundu, mabatire oyenera makamera akale, ndipo wogula koyamba timamuphunzitsa kuika filimu ndi kuyeza kuwala asanatuluke m'shopu. Timagulanso makamera akufa a mtundu uliwonse pamtengo wokambirana, ngakhale omwe sangakonzeke, chifukwa ziwalo zake timazifuna. Shopu imatsegulidwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo a ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu angathe kutitumizira makamera awo pa basi titagwirizana.