Malebulo a Lachitatu

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zachizolowezi: kudula mapatani, kupinda mipendero, kusoka mabatani. Makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, ndi amodzi okha, ife ophunzira timawagwira amisiri akatuluka masana. Ndimapirira poti malo a atachimenti ano, ophunzirirapo ntchito ya utelala, ndinawapeza movutikira. Makalata ambiri amene ndinatumiza sanayankhidwe, ndipo anzanga ena a m'kalasi adakali pakhomo, chifukwa malo akapezeka amayamba afika kwa mwana wa munthu wodziwika.

Chimene chandisowetsa tulo ndi cha Lachitatu. Kunamveka kuti nduna ibwera kuchionetsero cholimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'dziko muno, ndipo zovala zathu zinali zisanakwane chifukwa nsalu inachedwa. Abwana anabwera ndi makatoni a malaya ochokera kunja, nandipatsa lezala ndi kathumba ka malebulo okhala ndi mbendera yathu.

"Mwanawe, somola akalewo, usokepo awa. Msoko usaoneke."

Ndinatembenuza kolala ya laya limodzi. Msoko wake unali wowongoka bwino, ntchito ya munthu wodziwa makina. Ndinafunsa kuti, "Bwana, nanga amene anasoka malayawa?" Anandiyang'ana, nandilanda kathumbako, n'kundituma kukasita. Malebulo anasoka ndi mayi wina wachikulire, telala amene wakhala pamakina zaka zambiri. Podutsa anangondinong'oneza kuti, "Mwanangu, fomu yako ya atachimenti asaina ndi iwowa."

Kusukulu timaphunzira kuti lebulo siyinena zonse. Nsalu zamaluwa za Vlisco, zimene ambiri amazitenga ngati chizindikiro cha Africa, zimadindidwa ku Helmond, m'dziko la Netherlands, ndipo kampaniyo inayamba mu 1846. Ku Prato, ku Italy, zovala zambiri zolembedwa kuti zapangidwa ku Italy zimasokedwa ndi anthu ochokera ku China, ndipo mu 2013 moto unapha asanu ndi awiri a iwo mufakitale momwe ankagonamo. Koma kuwerenga n'kwina, kupatsidwa lezala m'manja n'kwinanso.

Chimandipsetsa mtima n'choti andale amafuna dzina la dziko liwale pamalaya, koma za thonje, mafakitale a nsalu ndi malo ophunzirirapo ntchito sazikhudza. Dziko la Rwanda linakweza msonkho wa kaunjika mu 2016 pofuna kuteteza osoka ake, ndipo mu 2018 America inalichotsera mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America la zamalonda ndi mayiko a mu Africa. Kaya munthu agwirizane nazo kaya ayi, kumeneko kunali kusankha kenakake n'kulipira mtengo wake. Ife tikusoka mbendera pa thukuta la eni.

Lachinayi nduna inabwera, inajambulitsa itanyamula limodzi la malaya aja. Lachisanu ndinatha tsiku lonse pa ayironi, abwana osandilankhula. Fomu yanga ikadali pa tebulo lawo yosasainidwa, ndipo kusukulu akuifuna mwezi uno usanathe.