Kuchoka pa wilibala imodzi mpaka nazale yathu yatsopano ku Chigumula

Abale anga, sabata yathayi tatsegula nazale yathu yatsopano ya mbande za mitengo ku Chigumula, pamalo okwera bwino, ndiye ndati ndilembeko mbiri ya bizinesi yathu yokonza ndi kusamalira mayadiyi maka kwa inu makontilakita, eni malo ogona alendo, ahedi a masukulu ndi inu amene mumayang'anira nyumba za lendi, kuti mudziwe kuti anthu amene mukufuna kuwapatsa yadi yanu ndi otani.

Tinayamba mu 2018 ine ndi alamu anga, tili ndi wilibala imodzi, makasu, chikwakwa ndi keni yothirira basi. Nthawi imeneyo aliyense womanga nyumba ku Namiwawa, Nyambadwe kaya ku Sunnyside ankafuna zofanana, kapinga wobiriwira chaka chonse, maluwa akunja, kwinako simenti mpaka ku geti. Kenako bilu ya madzi ikabwera mu Okutobala ndiye madandaulo. Ambiri sadziwa kuti madzi ochuluka a mu Blantyre muno amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wonse uja ndi magetsi, ndiye kuona munthu akumwaza madzi amenewo pa udzu masana dzuwa likuswa mtengo ine mtima unkandiwawa zedi.

Ife tikafika pamalo sitiyamba ndi kufunsa maluwa amene mukufuna ayi, timayamba taona kuti madzi a mvula akatsika padenga amalowera kuti. Timawakolola mu thanki, otsalawo timawakumbira maswale, ngalande zopingasa zogwira madzi, kuti alowe pansi m'malo mothamangira kumsewu atanyamula dothi lanu. Kapinga timasiya pomwe ana amasewera, kwinako timadzala zinthu zopirira chilimwe n'kuphimbira ndi udzu wouma. Masamba sitiotcha, amenewo ndi manyowa a chaka chamawa. Mitengo timakonda yathu yomwe ino, mbawa, msambamfumu, mwimbi, mthethe, ndi katope pamalo a chinyontho. Bulugama pafupi ndi chitsime kaya maziko a nyumba timakana ngakhale kasitomala akakamire, ndipo lantana amene ena amamuyesa duwa lokongola timazula ndi mizu yomwe chifukwa mbalame zikamwaza njere zake amadzadza tchire lonse. Pamalo otsetsereka ndiye vetiva, udzu umene mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena kupitirira ndipo suyanga n'kulowerera m'mabedi a maluwa.

Poyamba ena ankatiseka, amvekere mbawa ndi mtengo wa kumudzi, tikufuna za ku Joni. Tinkangopirira.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sindifuna kuyankhula ngati kuti ife ndi amene tinavutika kwambiri, anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno, ku Chilobwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira mabanja athunthu, ndipo mnyamata wathu mmodzi anangotsala ndi zovala za m'thupi. Koma nazale yathu yakale inapita yonse, mbande zimene tinkazisamala kuyambira pa njere, machubu odzalamo mbande, mulu wa kompositi, pampu ya sola imene tinali tisanamalize kulipira, zonse madzi anakokolola usiku umodzi. Ndinaima pamenepo m'mawa mwake osadziwa kuti anyamata ndiwauza chani. Pampuyo inali ya ngongole, ndipo amene anatibwereketsawo matope asanaume n'komwe anali ataimba kale foni kufunsa za mwezi umenewo, osayamba ndi kufunsa ngati tili moyo. Tinawalipira yonse mpaka tambala yomaliza, koma pakhomo pawo sitidzapondaponso. Tikuti tidzuke, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 pelesenti, ndipo bambo wina amene tinali titamupatsa kale dipoziti ya machubu anakweza mtengo pa katundu amene anali kale m'shopu mwake kuyambira kalekale. Akudzidziwa, Mulungu awaone.

Chimene chinatidzutsa ndi ntchito imene tinagwira mu 2021 pamalo ena otsetsereka kwambiri, pomwe tinadzala mizere ya vetiva ndi kukumba maswale. Mvula yonse ija dothi silinasunthe, pomwe mpanda wa njerwa wa oyandikana nawo unagwa. Mayi a pakhomopo anajambula zithunzi n'kuponya pa gulu la WhatsApp la m'dera lawo, ndipo foni inayamba kulira, anthu omwe aja ankati mbawa ndi ya kumudzi akufunsa kuti mubwera liti kwathu. Lero tikusamalira mayadi a maofesi, masukulu ndi nyumba za anthu, anyamata ndi atsikana amene timagwira nawo ntchito amalandira malipiro mwezi ukatha osati mawa mawa, ndipo zimenezi ndimazinyadira.

Ndithokoze Mulungu choyamba. Mayi a kunyumba, inu munagulitsa nkhuku zanu zonse kuti anyamata alandire mwezi wa Freddy uja, sindidzaiwala. Alamu, tinakankha wilibala limodzi ndipo simunandithawe. Amayi a banki m'khonde ya kutchalitchi kwathu amene munatibwereka popanda chikole pomwe ena ankatiyang'ana ngati tatha, zikomo kwambiri. Agogo a ku Thyolo amene munatiphunzitsa nthawi yotola njere za mbawa ndi kuti sizichedwa kufa mukazisunga, nzeru zanu ndi zimene zadzadza nazaleyi. Anyamata anga amene munabwera kudzafukula machubu m'matope osafunsa za ndalama, makasitomala amene munalipiriratu ntchito tisanayambe kuti tipeze poyambira, amfumu amene munatithandiza kupeza malo atsopanowa, nonse Ambuye akudalitseni.

Tsopano nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndiye musadikire mvula igwe kaye, maenje ndi maswale amafunika kukumbiratu panopa kuti manyowa akhazikike. Mbande za mbawa, mwimbi, katope ndi msambamfumu zilipo, vetiva alipo wambiri, kompositi timagulitsa pa thumba. Makontilakita tiitaneni musanathire simenti pabwalo ponse, tikambirane njira ya madzi pulani ikadali papepala, zimatchipa kusiyana ndi kudzaswa pambuyo. Kudzaona malo mu Blantyre ndi Limbe ndi ulere, ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje mumangotilipirira thiransipoti. Mtengo umene tadzala ife ukauma chaka choyamba tikusamalira ndife, timabwezeretsa wina osakulipiritsani, ndipo ngati muli kale ndi wantchito wa pabwalo timamuphunzitsa kupanga kompositi ndi kuthirira madzulo. Kulipira ndi pa Airtel Money, Mpamba kaya ku banki. Tilembereni uthenga, kapena ingobwerani ku Chigumula Loweruka lililonse mudzadzionere nokha mbandezo.