Mphere ikamayamba: zoyang'ana khungu lisanadzaze zilonda

Pa zonse zimene ndawerenga sabata ino zokhudza mphere, mfundo imene yandikhala m'mutu ndi ya nthawi. Munthu amene sanadwalepo mphere akatenga kachilombo koyambitsa matendawa, amatha masabata 4 mpaka 6 asakumva kuyabwa ngakhale pang'ono. Nthawi yonseyo amakhala akupatsira amene amagona naye kapena mwana amene amamunyamula. Kuyabwa kumachedwa chifukwa sikuchokera pa kubooledwa kwa khungu. Kumayamba thupi likazindikira kachilomboko, mazira ake ndi ndowe zake n'kuyamba kulimbana nazo. N'chifukwa chake amene anadwalapo kale sachedwa: pakangopita tsiku 1 mpaka 4 wayamba kukanda.

Kachilomboka dzina lake ndi Sarcoptes scabiei, ndipo kakakazi sikafika ndi theka la milimita. Kamakumba kanjira pamwamba penipeni pa khungu n'kumaikira mazira 2 kapena 3 patsiku, omwe amaswa pakatha masiku 3 kapena 4. Chodabwitsa n'chakuti pa mphere wamba thupi lonse limakhala ndi tizilombo 10 mpaka 15 basi. Tiziphuphu tingachuluke pamimba ndi m'ntchafu, koma tambiri mwa ito mulibe kachilombo. Choncho kuwerenga tiziphuphu sikuthandiza. Chothandiza ndi mafunso atatu: kukuyabwa nthawi yanji, pati, ndipo wina ndani m'nyumbamo akukandanso?

Mphere imavuta usiku, munthu akafunda n'kutenthedwa, mpaka tulo kusowa. Malo ake ndi pomwe khungu ndi lofewa kapena limapindika: pakati pa zala, pamene dzanja limapindikira cha mkati, m'zigongono, m'khwapa, pamchombo, m'chiuno momwe mumadutsa lamba, m'matako, kuzungulira nsonga za mawere ndi kumaliseche. Mwamuna akakhala ndi timabulu tolimba toyabwa pachida kapena pakhungu la machende, ganizirani mphere musanaganize china. Munthu wamkulu kawirikawiri nkhope ndi mutu sizikhudzidwa. Khanda ndi losiyana: yang'anani m'zikhatho, pansi pa mapazi, m'khosi ndi m'mutu, pomwe pamatuluka timatuza ta madzi. Khandalo silinena kuti likuyabwa, limangolira usiku, kupekesa mapazi ndi kukana kuyamwa bwino.

Chizindikiro chotsimikizika kwambiri ndi kanjira kaja. Tambasulani zala za wodwala pamalo owala bwino. Mudzaona kamzere kopyapyala ngati ulusi, kotuwa, kokhotakhota, kutalika kwake mamilimita ochepa mpaka sentimita imodzi, ndipo kumapeto kwake nthawi zina kumaoneka kadontho kakuda. Kadonthoko ndiye kachilombo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye dutsitsani nsonga ya chala pamwamba kuti mumve kutukumuka kwake. Palinso njira ya inki: pakani inki yofufutika pamalopo, pukutani ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti, ndipo yolowa mukanjira imatsala ngati kamzere kakuda. Kusapeza kanjira sikutanthauza kuti mphere palibe, pakuti zikhadabo zimakhala zitakafafaniza kale.

Pamene anthu ambiri amasokera ndi pofanizira. Nsikidzi ndi udzudzu zimaluma malo osafundidwa, ndipo siziboola pakati pa zala. Chipere chimapanga bwalo lokhala ndi m'mphepete moonekera. Totupa ta thukuta timachepa thupi likazizira. Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuthamangira mafuta opaka okhala ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Kuyabwa kumachepadi, tiziphuphu timaphwa, koma tizilombo timapitiriza kuswana mosaonekera, ndipo wa zaumoyo akadzayang'ana amapeza khungu losokonezeka lovuta kulitanthauzira.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Pokanda pamalowa mabakiteriya a Staphylococcus aureus ndi Streptococcus pyogenes, n'kubwera mafinya ndi nkhanambo zachikasu. Wachiwiriyo angayambitse kutupa kwa impso patapita masabata angapo, mwana n'kumatupa nkhope ndi kukodza mkodzo wofiirira. N'zina mwa zifukwa zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mphere pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa m'chaka cha 2017. Kwa okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika kuli mtundu wina wa nkhanambo zokhuthala zosweka, m'manja, m'mapazi ndi pansi pa zikhadabo. Umenewu ungayabwe pang'ono chabe, pomwe tizilombo tili masauzande kapena mamiliyoni. Wotereyu apite kuchipatala mosazengereza.

Pa mankhwala, mafuta a permethrin wa 5% amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi (khanda kuyambira m'mutu) mpaka kuzala za kumapazi, osati pa tiziphuphu pokha, n'kusiyidwa maola 8 mpaka 14. Wengani zikhadabo, pakani pansi pake, ndipo mukasamba m'manja pakaninso. Bwerezani pakatha masiku 7 kuti mugwire toswa kumene. Mapiritsi a ivermectin amayendera kulemera kwa thupi, ndipo kawirikawiri saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana makilogalamu 15. Onse a m'nyumbamo alandire tsiku limodzi, ngakhale amene sakuyabwa, chifukwa cha masabata obisika aja. Zovala ndi zofunda za masiku 3 apitawo zichapidwe ndi madzi otentha kuposa madigiri 50, ndipo zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa maola osachepera 72, popeza kachilombo kakachoka pathupi sikapitirira masiku 2 kapena 3.

Mankhwala akagwira, kuyabwa kungapitirirebe masabata 2 mpaka 4, ndipo kupakapaka mankhwala mosalekeza kumangopsereza khungu. Bwererani kuchipatala mukaona tinjira tatsopano, mafinya, kapena ngati kuyabwa sikunathe patadutsa masabata 4.