Mmene ndinapatulira ndodo ndi mpeni wanga ku Leeds

Ndodo ndinaidula Lachitatu m'mawa, dzuwa likungotuluka, kuseri kwa nyumba ya amayi ena achikulire amene akhala akundiphunzitsa mwambo wa Wicca kuno ku Leeds. Unali mtengo wa hazel, nthambi yophuka chaka chimodzi chokha, yonenepa ngati chala changa chamkombaphala. Amayiwo anaimirira patali atafunda jekete, osalankhula. Anali atandiuza kale kuti ndidule kamodzi kokha, osacheka mobwerezabwereza, ndipo chikwanje ndinali nditachinola madzulo a dzulo lake. Manja ankanjenjemera ndi chisanu, koma nthambi inagwa ulendo umodzi. Ndinayeza kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala chapakati, n'kuthira madzi pang'ono patsinde la mtengo pothokoza.

Ndikudziwa kuti wina kwathu akawerenga izi agwira pakamwa, ati mwana uja walowa ufiti. Mawu amenewo ndimawaopa, chifukwa ndikudziwa zimene achita kwa agogo ambiri osalakwa m'midzi mwathu. Ufiti umene timaunena kwathu ndi wotamba usiku ndi kupweteka abale. Wicca ndi chipembedzo chimene Gerald Gardner anachibweretsa poyera ku England dzikolo litachotsa lamulo lakale lokhudza ufiti mu 1951, ndipo anthu ake amalemekeza nyengo za chaka, mwezi, nthaka ndi milungu yawo. Lamulo loyamba limene ndinaphunzitsidwa ndi loti usapweteke munthu. Sindikukopa aliyense. Ndikungofotokoza njira imene ndinadutsa popatula zida zanga ziwiri zoyamba.

Kupatula n'kuchotsa chinthu pakati pa zinthu wamba kuti chikhale cha ntchito imodzi yokha. Amene anakulira mu mpingo akudziwa kuti chikho cha mgonero samweramo thobwa. Maganizo ake ndi omwewo. Zida zikuluzikulu ndi zinayi: ndodo, mpeni, chikho, ndi mbale yojambulidwa nyenyezi ya nsonga zisanu. Gulu lachinsinsi la zamatsenga lotchedwa Golden Dawn, limene linayamba ku London mu 1888, linkaphunzitsa kuti ndodo ndi ya moto, mpeni ndi wa mpweya, chikho ndi cha madzi, mbale ndi ya nthaka, ndipo ine ndinatsatira dongosolo limeneli ngakhale ena amasinthanitsa ndodo ndi mpeni.

Za Lachitatu ndi za kudula kamodzi zija zinachokera m'buku lakale lotchedwa Key of Solomon, limene MacGregor Mathers analitulutsa m'Chingerezi mu 1889. Pa mwambowu tsiku lililonse ndi ola lililonse zili ndi pulaneti yake: Lachitatu ndi tsiku la Mercury, ndipo ola loyamba dzuwa likatuluka limakhala la mwini tsikulo. Maola amenewa si a pawotchi. Umatenga nthawi yonse kuchokera potuluka dzuwa mpaka polowa, n'kuigawa pa 12. Mu December kuno usana ndi waufupi kwambiri moti ola limodzi silikwana mphindi 40. Ine ndinadikira mpaka March, usana ndi usiku zitatsala pang'ono kufanana, kuti ndisavutike ndi masamu.

M'buku lomwelo muli zina zimene ndinazikana ndi mtima wonse. Limati mpeni wa chigwiriro chakuda uviikidwe m'magazi a mphaka wakuda ndi m'madzi a chomera chapoizoni chotchedwa hemlock. Nditawafunsa amayi aja anapukusa mutu. "Mwana wanga, buku ndi lakale, koma chikumbumtima ndi chako. Pano sitipha kanthu." Ndinapumira m'mwamba, chifukwa akanati ndichite, ndikanachoka tsiku lomwelo osabwereranso.

Kenaka panabwera kudikira. Ndodo yaiwisi sungaipatule, imapindika ndi kung'ambika. Ndinaisenda makungwa, n'kuiika pamwamba pa kabati kutali ndi chotenthetsera m'nyumba, ndipo inakhala pamenepo masabata asanu ndi limodzi. Ndikabwera kuntchito yosamalira okalamba, nditatopa, ndinkaitsitsa n'kuipala pang'ono ndi sandipepa. Mpeni, umene amautcha athame, ndinagula watsopano, wa chigwiriro chakuda, wakuthwa konsekonse mwa maonekedwe koma wobuntha, pakuti sudula chinthu chogwirika. Ntchito yake n'kulemba mumlengalenga malire a bwalo lochitiramo mwambo, ndi kuloza. Amene muli ku Britain kumbukirani kuti kuyenda ndi mpeni wotere pagulu popanda chifukwa chomveka n'kuphwanya lamulo. Ine ndinaganiza zochitira mwambo wonse m'chipinda changa kuti usatuluke pakhomo.

Tsiku lopatula ndinasankha mwezi ukukula, kutatsala masiku atatu kuti ukhale wathunthu. Masiku atatu a m'mbuyo mwake sindinadye nyama, sindinamwe mowa, ndiponso ndinadika. Apa ndi pamene ndinakumbuka agogo anga aakazi. Iwo ankadziwa bwino za kudika pa nthawi ya maliro kapena ya chinamwali, ndipo ankasamala kwambiri za amene akuthira mchere m'ndiwo poopa mdulo. Miyambo iwiriyi ndi yosiyana, sindikuisakaniza, koma nditaona kambale ka mchere patebulo panga sindinafunike wondiuza kuti mchere si chinthu choseweretsa.

Madzulo ndinasesa chipinda, ndinakolopa, ndinasamba, ndinavala zoyera zochapa, foni n'kuzimitsa. Katebulo kakang'ono ndiko kanali guwa. Kum'mawa ndinaika lubani pa khala lamoto m'kambale ka mchenga, kum'mwera kandulo, kumadzulo mbale ya madzi, kumpoto mchere. Kuika moto kum'mwera kunandivuta mumtima poyamba. Kuno dzuwa la masana limakhala kum'mwera chaka chonse, n'chifukwa chake moto anaupatsa mbali imeneyo. Kwathu mu June dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo mphepo yozizira ya mwera ndiyo imachokera kum'mwera. Ambiri ochita mwambowu ku South Africa ndi ku Australia amatembenuza, moto n'kupita kumpoto. Ndinatsatira thambo limene ndili pansi pake.

Cholakwa changa choyamba chinali lubani. Ndinathira wambiri, utsi unadzaza chipinda, ndipo kachipangizo kochenjeza za moto kudenga kanayamba kulira. Ndinatsegula zenera, ndinadikira kuti mtima ukhale pansi, n'kuyambiranso kuchokera posamba m'manja. Timibulu tiwiri kapena titatu ta lubani n'tokwanira. Kachipangizoko musakachotse batire, tsegulani zenera basi.

Ndinayamba ndi madzi ndi mchere. Ndinaika dzanja pamwamba pa madzi n'kunena kuti chodetsa chilichonse chichoke, ndinadalitsa mchere, ndipo ndinatsina katatu n'kuthira m'madzimo. Ndi madzi amenewo ndinawaza mozungulira chipinda kuyambira kum'mawa, kutsata njira ya dzuwa, mpaka ndinabwerera pamene ndinayambira.

Mpeni ndiwo unayamba. Ndinaunyamula ndi manja awiri, ndinaudutsitsa mu utsi wa lubani mbali zonse ziwiri, kenaka pamwamba pa lawi la kandulo mofulumira kuti usade ndi mwaye, kenaka ndinauwaza madzi, n'kuugoneka pa mchere. Pa mbali iliyonse ndinkaima, n'kunena mawu. Amayi aja anandipatsa mawu a Chingerezi olembedwa papepala, koma nditawayeseza kangapo ankatuluka ngati ndikuwerenga chikalata cha kubanki. Ndinawapempha kuti ndinene m'chinenero changa, ndipo anavomera mosangalala. Ndinati: "Mpeni iwe, ndakuyeretsa ndi mpweya, ndi moto, ndi madzi, ndi nthaka. Kumene unachokera ndi manja amene anakugwira, zonsezo zatha. Kuyambira lero sudzadula nyama kapena chingwe, sudzaloza munthu mwa mkwiyo. Udzalemba malire a malo opatulika basi." Ponena kuti sudzaloza munthu mwa mkwiyo mawu anandithina pakhosi, chifukwa ndinazindikira kuti amene akulumbira ndi ine. Pa nthawiyo ndinali ndi chakukhosi ndi mnzanga wina wa kuntchito, ndipo ndinaima nthawi yaitali mpeni uli m'manja mpaka nditatsimikiza kuti ndikunena zoona.

Ndodo inadutsa njira yomweyo, koma madzi ndinangodontheza pang'ono, ndipo pomaliza ndinaipaka mafuta a olivi ndi chala kuchokera kutsinde kupita kunsonga.

Chida chikapatulidwa chimayenera kugwira ntchito nthawi yomweyo. Ndinatenga mpeni n'kulemba bwalo mozungulira chipinda, ndipo ndi ndodo ndinalonjera mbali zinayi zija imodzi ndi imodzi. Nditatha ndinathokoza, ndinatsegula bwalo, ndinazimitsa kandulo, ndipo ndinadya buledi ndi tiyi nditakhala pansi, pakuti miyendo inali italefuka. Madzi a mchere ndinakathira m'sinki, osati pa maluwa, chifukwa mchere umaumitsa zomera.

Mwambo umati chida chatsopano chikhale pafupi ndi thupi lako kwa mwezi wathunthu, ndipo wina asachigwire popanda chilolezo. Ndinakulunga mpeni m'nsalu yakuda n'kuuika pansi pa pilo, ndodo pambali pa bedi. Patatha masiku anayi nditaumasula ndinapeza timadontho ta dzimbiri pafupi ndi chigwiriro. Ndinali ndisanaupukute bwino madzi a mchere aja. Mtima unandipweteka, ndipo ndinawaimbira amayi aja kufunsa ngati ndiyambirenso zonse. Anati ayi, ndiupale mofatsa ndi kuupaka mafuta, chifukwa kuusamalira ndi mbali ya lumbiro lomwe lija. Ndinakhala pamphasa usiku umenewo ndi kansalu ndi kabotolo ka mafuta mpaka chitsulo chinawalanso, kupatula kachipsera kamodzi kamene kalipo mpaka pano.

Mwezi utakwana ndinaziika zonse ziwiri m'bokosi lamatabwa pansi pa guwa. Chikho ndachipeza kale, chadothi, ndipo chili pa kabati pamene panali ndodo, kudikira Lolemba la mwezi ukukula.