Mbiya youmbidwira kudontha: ulendo wathu wa ku Ifakara

Tinanyamuka ku Nkhotakota amayi asanu ndi abambo awiri a m'gulu lathu la oumba mbiya. Tinaolokera pa Songwe, ndipo ku Mbeya tinakwera sitima mpaka ku Ifakara, m'chigwa cha Kilombero ku Tanzania. Dzina la Kilombero tinkangolidziwira pa mpunga.

Ine ndinaphunzira kuumba kwa agogo anga, ndipo mbiya yodontha kwathu ndi manyazi a woumba. Kumeneko tinapeza anthu akuumba mbiya kuti izidontha dala, izisefa madzi akumwa.

Chinsinsi chake ndi mankhusu a mpunga, omwe ife timangowaunjika kuseri kwa chigayo. Amawapera, kuwasefa, n'kuwasakaniza ndi mtapo wouma wosinja, kenako amathira madzi n'kukanda. Saumba ndi manja ayi, amapanikiza m'chikombole kuti khoma la mbiya likhale lofanana paliponse. Ikauma amaiotcha mu uvuni pa moto wa madigiri pafupifupi 900. Mankhusu aja amapsa, ndipo pamene panali kankhusu pamatsala kabowo kosaoneka ndi maso. Madzi amadutsa m'timabowoto pang'onopang'ono, matope ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda otsegula m'mimba n'kutsalira. Kwinanso amagwiritsa ntchito utuchi. Nzeruyi anaiyamba Fernando Mazariegos wa ku Guatemala mu 1981.

Pa sefa m'pamene tinakhalitsa. Mankhusu akakhala okhakhala, mabowo amakula, madzi amangothamanga ndi zoipa zomwe. Akasalala kwambiri, mudikira tsiku lonse osadzaza kapu. N'chifukwa chake mbiya iliyonse amainyika m'madzi, kuidzaza, n'kuyeza malita amene yadontha pa ola. Yothamanga kwambiri amaiphwanya. Mayi wina wa m'gulu lathu ataona mbiya yokongola ikuphwanyidwa anagwira kukamwa.

“Achimwene, bwanji osatipatsa ife tikadzalemo maluwa?”

Mnyamata woyezayo, kudzera mwa womasulira, anati ikatuluka pachipata wina akamwera madzi.

Zimene zapambana amazipaka mankhwala a siliva, n'kuziika m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi kampopi.

Mtapo ndi mankhusu tili nazo. Chotivuta ndi moto, chifukwa ife timaotchera pansi ndi nkhuni ndi udzu, ndipo mbali ina imapsa kuposa inzake. Pamsonkhano wa Loweruka tikambirana za njerwa zomangira uvuni.